Mbatata Yotsukidwa ya kwa Aphunzitsi

"Mayi inu ndinu wakuba. Munandigulitsa mbatata yowola mukudziwa."

Mawu amenewa anagwa pakati pa msika wa Nathenje, anthu ali pikitipikiti. Wolankhulayo anali Mayi Elube, akazi a aphunzitsi a Efulemu. Banja limeneli linali litangobwera kumene kuchokera m'tawuni, boma litatsegula sukulu zaulere n'kumwaza aphunzitsi kumidzi. Wonenedwayo anali Zipora, mlimi wa mbatata wa m'mudzi wina wa kunjira ya ku Nkhoma, amene anali atakhala pachiguduli kuseri kwa milu yake.

Zipora asanayankhe n'komwe, Mayi Elube anatula beseni pamutu n'kulikhuthula pamapazi pake. Munatuluka mbatata yakuda, yofewa ngati phala, ya fungo loti ngakhale ntchentche zinayamba zaganiza kaye.

"Thumba lathunthu," anatero Mayi Elube. "Masabata atatu okha. Anthu akumudzi inu mukaona munthu wavala nsapato mumayesa ndalama amachita kutola."

Chinali chaka cha 1995, mwezi wa Juni. Aliyense anali atamva kuti tsopano kuli ufulu wolankhula, koma ena ankayesa kuti ufuluwo ndi wotukwanira anthu amene sanapite kusukulu.

Jeremiya, wogulitsa usipa pafupi ndi Zipora, anatseka mphuno ndi chipewa.

"Ndi matipate amenewa, amayi," anatero. "Masiku ano ngakhale mbatata ili ndi ufulu wowola."

Anthu anaseka, koma Zipora sanaseke. Pakamwa pake panali mawu okwanira kudyetsa msika wonse. Chimene chinamugwira lilime n'chakuti anaona anamwino awiri, amene chaka chilichonse ankagula matumba kwa iye, akutembenuka mwakachetechete n'kulowera mbali ina ya msika. Juni ndiye mwezi umene anthu apantchito amagula mbatata yambiri yoti asunge m'nyengo yozizira. Mlimi akaipa dzina mwezi umenewu, mbatata yake imathera kwa mavenda, amene amaigula ngati akumuchitira chifundo. Zipora analibe golosale, analibe mwamuna wapantchito. Anali ndi munda ndi dzina basi.

Anawerama n'kutola mbatata imodzi imene inali isanaphwanyike. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Amayi aphunzitsi, dothi lake lili kuti?"

"Dothi lanji?"

"Mbatata yanga imachoka kumunda itavala dothi lofiira. Iyi yayera ngati mwana wopita ku ubatizo. Tiyeni kwanu ndikaone pamene imagona."

"Mukufuna mukaonenso chiyani? Fungoli silikukukwanirani?"

"Mwanditchula wakuba pamaso pa anthu. Wakuba amamutengera pamalo pamene anaba. Tiyeni. A Jeremiya, mundionereko miluyi."

Nyumba za aphunzitsi sizinali kutali. Ya a Efulemu inali yosesedwa bwino, simenti yake yowala ngati mbale. Pakona ya khitchini, pafupi ndi mbaula, panali thumba la pulasitiki la feteleza, lomangidwa pakamwa ndi chingwe. Pansi pake panali chithaphwi cha madzi akuda. Zipora anamasula chingwecho, ndipo m'thumbamo munatuluka mpweya wofunda ngati wa m'kamwa mwa ng'ombe.

"Munaitsuka," anatero.

"Ee, ndinaitsuka," Mayi Elube anayankha monyadira. "Imodziimodzi, ndi chinkhupule. Ine sindisunga zinthu zauve."

Pamenepo a Efulemu anatulukira kuchokera kusukulu, choko chili m'manja ndi m'malaya momwe. Atamva nkhaniyo anakhosomola monga amachitira asanayambe phunziro.

"Amene ndinalamula kuti itsukidwe ndine," anatero. "M'nyumba ya mphunzitsi simulowa dothi. Ukhondo timaphunzitsa kuyambira sitandade 1. Madzi sawoletsa chinthu, mayi, madzi amayeretsa."

"Aphunzitsi, mbatata si mwana wasukulu," anatero Zipora. "Khungu lake ndi lopyapyala. Mukalikhula ndi chinkhupule mwaivula, mwaipatsa mabala. Kenaka mwaitsekera yonyowa m'pulasitiki, pafupi ndi moto. Inuyo atakusambitsani, osakupukutani, n'kukumangirani m'thumba masabata atatu, mungatuluke muli bwanji?"

"Zimenezo zili m'buku liti?"

"Zili m'munda."

A Efulemu anaseka kaseko kaulemu kamene kamapweteka kuposa kutukwana. Koma Mayi Elube anali atakhala pampando, maso ali pathumba lija, ndipo mkwiyo wawo unayamba kuoneka chimene unali: mantha.

"Buledi wakwera kawiri chaka chino chokha," anatero motsitsa mawu. "Malipiro amabwera tsiku limene afuna. Ndinati ndigule mbatata ikadali yotchipa, Madalo ndi Tiyamike azimwera tiyi mpaka kutenthe. Ndiye taonani. Mawa anawa apita kusukulu m'chisanu muno ndi tiyi yekha."

Zipora anali ndi ana nayenso, ndipo mtima wake unatsika pang'ono. Pang'ono pokha.

"Mverani," anatero. "Kumunda kwanga kwatsala mizere imene sindinakumbe. Mubwere Loweruka, mudzaone ndikukumba, musankhe nokha. Ina musunge mwa njira ya aphunzitsi. Ina tisunge m'nkhuti."

"Nkhuti n'chiyani?" anafunsa Mayi Elube.

"Dzenje losungiramo mbatata. Mudzaliona. Tidzalitsegule kumapeto kwa Seputembala, anthu akuona. Ikadzapezeka yowola, ine pamsika wa Nathenje sindidzapondaponso. Koma ikadzapezeka yabwino, dzina langa mudzalitsuke ndi chinkhupule chomwecho."

Nkhope ya a Efulemu inawala. "Kumeneko ndiye timati kuyesa. Sayansi imeneyo. Ndavomera."

Loweruka m'mawa Mayi Elube anafika kumunda atavala juzi ndi nsapato zimene zinadzaza dothi asanafike n'komwe pamzere woyamba. Mwera unkawomba, udzu uli mbee ndi mame. Zipora sanapereke moni wautali. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba chapambali pa mzere, pang'onopang'ono, ndipo akaona mbatata ankasiya khasu n'kuizula ndi manja.

"Kusunga kumayambira pogula," anatero. "Onani iyi. Khasu laikhudza pang'ono. Yodya lero ndi yabwino, koma yosunga ayi. Bala limodzi limawoletsa dzenje lonse."

"Nanga iyi? Yaikulu bwino."

"Itembenuzeni. Mukutiona timabowoto? Mwalowa nankafumbwe. Mukaiika pamodzi ndi zinzake, mwaitanira mbava m'nyumba."

Mayi Elube anaiponya patali ngati yawaluma.

"Musataye. Yotere timadula poipapo, yotsalayo n'kuisenda, kuidula mopyapyala, kuyanika padzuwa. Amakhala makaka. Amasungika miyezi yambiri, ndipo ana amawakonda."

Anagawa milu itatu: yosunga, yodya msanga, ndi ya makaka. Zipora anawaonetsanso kuti mbatata si imodzi. Mtundu wa Kenya, umene anthu am'tawuni ankaukonda, ndi wobereka kwambiri, koma m'dzenje sukhalitsa ngati Kamchiputu wa makolo. Anawauza kuti yosunga izikhala yokhwima, imene khungu lake silisupuka ukalikhudza ndi chala.

"Ndiye ubwino wogula kwa mlimi wapafupi ndi umenewu," anatero. "Mumaona tsiku limene yakumbidwa. Ya pamsewu ija yaponyedwa pamwamba pa minibasi kuchokera ku Mitundu, yatsitsidwa, yapondedwa. Kunja imaoneka bwino, m'kati ili ndi mabala."

"Nanga bwanji simunandiuze zonsezi tsiku limene ndinagula?"

Zipora anaimika khasu. Funsolo linamulasa, chifukwa linali loona.

"Simunafunse," anatero. Kenaka anawonjeza, "Komanso ine sindinanene. Ndinkayesa kuti munthu aliyense amadziwa. Pamenepo ndiye panga."

Ananyamula mbatatayo m'madengu, osati m'matumba. Kunyumba kwa aphunzitsi anaiyala pamthunzi, pansi pa mtengo wa mango, masiku anayi, kuti khungu lilimbe ndi timabala tating'ono tipole. Palibe anaikhudzitsa madzi, kupatula dengu limodzi la a Efulemu. Limenelo analitsuka okha, manja a malaya atapinda, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Analimanga m'thumba la pulasitiki n'kulembapo ndi choko kuti "Njira ya Ukhondo".

M'masiku anayiwo Mayi Elube anapatsidwa ntchito imene sanaiyembekeze: kupempha phulusa. Dzenje limafuna phulusa lambiri, lozizira, la nkhuni, ndipo mbaula yawo ya makala sinkatulutsa lokwanira. Choncho akazi a aphunzitsi anayenda khomo ndi khomo m'mudzi woyandikana ndi sukuluyo, ndowa ili m'manja.

"Odi kuno. Ndimapempha phulusa."

"Phulusa? Mchere ndiye timapemphana, amayi. Kapena kusukuluko malipiro afika poipa chonchi?"

Anasekedwa m'makomo asanu ndi limodzi, koma pakhomo lililonse anachokapo ndi phulusa ndiponso ndi dzina la mnzawo watsopano. Miyezi isanu anali atakhala pamalopo osadziwa ndi mmodzi yemwe.

Tsiku lachisanu Zipora anabwera ndi mtolo wa udzu wouma ndi kansungwi kobowola. Anasankha malo okwera kuseri kwa nyumba, pamthunzi, pamene madzi sangaime ndiponso popanda chiswe. Anakumba dzenje lofika m'chiuno. Pansi ndi m'mbali anayala udzu, n'kuwaza phulusa.

"Tsopano ikani. Osaponya. Muziika ngati mazira."

Mayi Elube anagwada, nayala mbatata mzere umodzi. Zipora anawaza phulusa mpaka yonse inachita mbuu. Anayalanso ina, phulusa, ina, phulusa, mpaka dzenje linatsala pang'ono kudzaza.

"Phulusali ntchito yake n'chiyani?" anafunsa Mayi Elube.

"Limamwa chinyezi, ndipo tizilombo sitilikonda."

Pakati anaimika kansungwi kaja kuti mbatata izipuma. Pamwamba anafunditsa udzu, kenaka dothi, n'kumanga kadenga kakang'ono ka udzu kotchinga dzuwa ndi mvula yowaza ya m'nyengo yozizira.

A Efulemu ankaonerera ali pakhonde, manja kumbuyo.

"Ndiye kuti chakudya mwachiika m'manda," anatero. "Mwasiya mwambo wa maliro wokha."

"Kudzakhala kuuka kwa akufa, aphunzitsi," anayankha Zipora. "Mudzakhalepo."

Asanachoke anawauza Mayi Elube kuti kamodzi pamwezi azitsegula pambali, kulowetsa dzanja, kuchotsa iliyonse yofewa, kuthyola zophuka, n'kutsekanso bwinobwino kuopa makoswe. Akafuna yodya azitenga ya pamwamba.

Miyezi imeneyo inamuwawa Zipora. Nkhani yoipa imathamanga kuposa minibasi ya pa M1. Pofika sabata yachiwiri, ku Diamphwe anali atamva kale kuti ku Nathenje kuli mayi wogulitsa mbatata yowola. Anamwino aja sanabwerenso. Ena ankaima pamilu yake, kutola imodzi, kuinunkhiza, n'kupita. Matumba amene akanagulidwa ndi anthu apantchito anatengedwa ndi venda wina amene anachita kutchula yekha mtengo. Munthu wa nsapato akalankhula kamodzi, dziko limamva. Wopanda nsapato amayenera kukumba dzenje n'kudikira miyezi itatu kuti amveke. Zimenezi Zipora ankazidziwa, ndipo sankazimeza bwino.

"Limbani mtima, Anambewe," ankatero Jeremiya, pomutchula ndi dzina la mfunda wake. "Usipa wangawu umanunkha tsiku lililonse, koma sanandithamangitsepo."

Chapakati pa Julayi Mayi Elube anabwera kumsika. Anazungulira kaye kwa tomato, kwa anyezi, kenaka anadzanyonyomala pambali pa Zipora.

"Anambewe," ananong'ona, "thumba la bambo a Madalo lija latha."

"Latha bwanji? Mwadya?"

"Lawola. Alikwirira okha kuseri kwa chimbudzi, ana ali mtulo. Akuti mwina dengulo linali kale ndi matenda." Anayang'ana pansi. "Ine ndaona kuti ndinakulakwirani. Pepani."

Zipora anakonza mulu umene sunkafuna kukonzedwa.

"Ndamva, mayi a Madalo. Koma munandinyoza mokweza, ndiye mukupepesa monong'ona. Anthu anamva chipongwecho ndi ambiri, akumva kupepesaku ndi ine ndi usipa wa a Jeremiya."

"Ndiimirire pompano ndinene?"

"Ayi. Mukanena lero, adzati mwachita chifundo. Dikirani dzenje lilankhule lokha. Nanga ana akudya?"

Nkhope ya Mayi Elube inamasuka. "Akudya. Ndinatenga ya pamwamba dzana. Anambewe, yatsekemera kuposa tsiku limene tinakumba. Madalo akuti buledi ndi wa anthu odwala."

Zipora anaseka kwa nthawi yoyamba mwezi umenewo.

Julayi anatha ndi mphepo yake, Ogasiti anadza ndi fumbi. Pofika kumapeto kwa Seputembala kunja kunali kutatentha, ndipo pamsika mbatata inali itasowa. Yochepa imene inkapezeka inali yonyala, mtengo wake woti munthu ankangoifunsa n'kupitirira.

Loweruka lomaliza la mweziwo, kuseri kwa nyumba ya a Efulemu kunadzaza anthu. Mayi Elube anali atayenda okha kukaitana: akazi a aphunzitsi anzawo, anamwino awiri aja, amayi amene anawapatsa phulusa, ndi amayi a pamsika amene anaona tsiku la chipongwe lija. Jeremiya anabwera osaitanidwa.

Zipora anafika atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Ankadziwa kuti dzenje ndi dzenje, ndipo khoswe sadziwa za dzina la munthu. Anachotsa kadenga, napalasa dothi, nakweza udzu. Kenaka anaima pambali.

"Tulutsani nokha, mayi a Madalo, angadzati ndasintha."

Mayi Elube anagwada, nalowetsa mkono mpaka paphewa. Anatulutsa mbatata yotuwa ndi phulusa. Anaipukuta pachitenje, naipereka kwa namwino wamkulu. Namwinoyo anaifinya, anainunkhiza, naithyola pakati. Inalira kuti thyo, m'kati muli mbee. Analuma.

"Iyi ndi ya Juni?"

"Ya Juni," anatero Mayi Elube, akutulutsa ina ndi ina. Dengu linadzaza, dzenje lisanafike n'komwe pansi. Pa yonseyo zinapezeka zofewa zinayi zokha, ndi zina zophuka pang'ono.

Mayi Elube anaimirira, phulusa lili m'manja ndi pamphumi, ndipo analankhula mokweza kuposa mmene analankhulira pamsika.

"Amayi nonse, tamverani. Ine ndinawatchula Anambewe wakuba. Ndinanama. Mbatata yawo inali yabwino, ndinaiwoletsa ndine. Ana anga adya mbatata nyengo yonse yozizira chifukwa cha munthu amene ndinamunyoza. Chimene ndaphunzira ndi ichi: gulani zokolola nthawi yokolola, kwa mlimi wapafupi, ndipo mum'funse kasungidwe kake. Mbatata yosunga izikhala yokhwima, yopanda bala, yopanda nankafumbwe. Musaitsuke, musaitsekere m'pulasitiki. Iumitseni khungu pamthunzi, muiike m'nkhuti ndi udzu wouma ndi phulusa, ndipo muziiyendera mwezi ndi mwezi. Ndipo chinthu chikawonongeka m'nyumba mwanu, yambani mwadzifunsa nokha musanakatukwane mlimi."

Amayi a pamsika anaombera m'manja. Namwino wamkulu anasendera kwa Zipora, mbatata ikadali m'kamwa.

"Chaka chamawa matumba anga awiri, Anambewe. Ndipo mudzandikumbitse dzenje ngati limeneli."

"Anga atatu," anatero mnzake.

"Dzenje mudzakumba nokha," anatero Zipora, "ine ndidzangoloza. Phulusa mudzafunse kwa amayi aphunzitsi, makomo akuwadziwa."

M'kati mwa phwete limenelo, a Efulemu anayamba kubwerera chammbuyo kulowera kukona ya nyumba, mulu wa makope uli m'khwapa.

"Ndili ndi zochonga zambiri," anatero kwa amene anali pafupi.

Koma Jeremiya anali ataima pomwepo panjira, akutafuna mbatata yaiwisi, ndipo sanasunthe.

"Bambo a Madalo," anaitana Mayi Elube, "ine mbali yanga ndanena. Koma chinkhupule sindinachitenge ndekha."

A Efulemu anakhosomola. "Kunena mwasayansi, zotsatira zake zikufunika kuziunika mofatsa, poganizira kuti..."

"Ayi, aphunzitsi," anatero Zipora, akuyandikira mbatata ili m'dzanja. Ankamwetulira, koma maso ake sankaseka kwenikweni. "Mwana akayankha mozungulira chonchi m'kalasi mwanu mumamukhazika pansi? Funso ndi limodzi, ndipo kalasi yonse ikumvetsera. Thumba lanu la Njira ya Ukhondo lili kuti, ndipo linawoletsedwa ndi mlimi kapena ndi madzi? Yankhani mokweza, akumbuyo amve."